Funsani Amisiri: Mawaya Oyenda Pamwamba pa Khoma

FUNSO: Nyumba yathu tinaimaliza kale, pulasitala ndi penti zonse, koma sitinaike mapaipi a magetsi m'khoma. Wamagetsi wina akuti tiseme makoma, wina akuti mawaya angoyenda pamwamba. Anzanga akuti waya wa pamwamba sachedwa kubutsa moto. Zoona ndi ziti? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

YANKHO: Mayi, musagumule pulasitala yanu. Waya woyenda pamwamba pa khoma ndi wololedwa, ndipo pa nkhani ya kutentha amaposa wobisika chifukwa mphepo imamuomba. Malamulo a BS 7671 a ku Britain, omwe amisiri ambiri kuno anaphunzira, amaonetsa kuti waya wa 2.5 mm² wokhomedwa pakhoma ndi makilipi amanyamula ma amp 27 (amp ndi muyeso wa magetsi oyenda mu waya), koma yemweyo akatsekeredwa mu trunking, kangalande ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro koyendetsamo mawaya, amanyamula 23.

Chimodzi chimene chimabutsa moto ndi mtundu wolakwika wa waya. Pali mawaya a chikopa chimodzi, ofiira, akuda ndi obiriwira aja, amene amagulitsidwa payekhapayekha. Amenewo anapangidwa kuti aziyenda mu paipi kapena mu trunking basi, osati poyera. Woyenera kukhomedwa pakhoma ndi waya wophwatalala wa zikopa ziwiri, wotchedwa twin and earth. M'kati mwake muli mawaya awiri okutidwa, pakati pawo pali waya wa earth wosavala, wothawitsira pansi magetsi osokera, ndipo onse atatu akutidwanso ndi chikopa china cholimba. Kuphwatalala kwakeko ndi kumene kumamuthandiza kugona bwino pakhoma.

Kusema nakonso kuli ndi malire ake. Kuya kwa mzere wosema woimirira kusapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa khoma, ndipo kwa wopingasa kusapitirire gawo limodzi mwa magawo 6. Pakhoma la njerwa imodzi, la masentimita 11 kapena kucheperapo, mzere wopingasa sungafike ndi masentimita awiri omwe, pamene paipi wake ndi wa mamilimita 20. Akasema mopyola pamenepo khoma limafooka, ming'alu n'kumatsata mzerewo. Pa zibuloko za simenti zamphako zija, tchizulo imangoboola n'kulowa. Pa zidina ndiye musayese n'komwe.

Njira iliyonse imene mungasankhe, ntchitoyi agwire munthu amene ali ndi chiphaso cha MERA, chifukwa a ESCOM adzafuna mapepala ake asanakulumikizireni magetsi.

FUNSO: Ndine mmisiri wongoyamba kumene. Makilipi ndi trunking, chabwino n'chiti, ndipo ndikhome motani kuti zisamayoyoke? (Wowerenga wa ku Mzuzu)

YANKHO: Achimwene, zonse ziwiri zili ndi malo ake. Makilipi ndi otsika mtengo ndipo amayenera m'sitolo, m'galaja, m'siling'i ndi pamwamba pamene manja safika. Trunking imayenera pabalaza, kuchipinda, ndi paliponse pamene mipando, tsache kapena ana angagunde waya.

Tiyambe ndi makilipi. Gulani a waya wophwatalala, a saizi yofanana ndi wayayo. Kilipi ya waya wobulungira imamutsina m'mbali, ndipo yaikulu imamusiya akugwedera. Pa waya wa 1.5 mm², wa mababu, khomani kilipi pa masentimita 25 aliwonse popingasa ndi 40 poimirira. Pa wa 2.5 mm², wa masoketi, ndi 30 popingasa ndi 40 poimirira. Musanakhome, muwongoleni wayayo pomukoka ndi kansalu m'manja kuti asakhale ndi mapindikidwe a pa rolo. Pokhota musamuthyole ngati mukupinda pepala. Akhote mozungulira, ndipo mupinde cha kumimba kwake kophwatalalako, osati cha m'mbali, chifukwa kupinda cha m'mbali kumakanikizira waya wa earth pa anzake aja. Nyundo ikaphonya n'kumenya waya, dulani chigawo chonsecho. Bala la nyundo silioneka kunja, koma m'kati chikopa chimakhala chitaphwanyika.

Trunking ya pulasitiki imabwera m'masaizi monga 16 x 16, 25 x 16, 38 x 16 ndi 38 x 25 mamilimita. Ya 16 x 16 imakwana waya mmodzi wa 2.5 mm², ya 25 x 16 awiri. Lamulo lake ndi lakuti mawaya asadzaze kupitirira 45 peresenti ya malo a m'kati. Ngati mukuchita kukankha ndi bondo kuti chivindikiro chitsekeke, ndiye kuti mwagula yaing'ono.

Kakhomedwe kake ndi aka. Jambulani mzere ndi levulo, woongoka kutsika kapena kupingasa, osati wodutsa chamtanda. Dulani ndi sowo ya zitsulo ya mano ang'onoang'ono, ndipo pa kona dulani mopendeka kuti mbali ziwiri zikumane popanda mpata. Boolani khoma ndi biti ya mamilimita 6, lowetsani mapulagi a pulasitiki, mumange ndi masikuruwu pa masentimita 30 mpaka 40 aliwonse, komanso pafupi ndi kumapeto konse kuwiri. Ilipo trunking ya guluu kumsana, koma musaidalire. Pakhoma la laimu kapena la fumbi guluuyo amagwira laimuyo osati khoma, ndipo kukatentha mu Okutobala imayamba kulendewera. Guluu akuthandizeni kuigwira pamene mukuboola, basi.

Pa zidina, pulagi kapena msomali sizigwira. Yambani mwakhoma kathabwa kopyapyala kothiridwa mankhwala a chiswe, ndi misomali italiitali yolowa mopendeka, kenako trunking kapena makilipi zikhale pa kathabwako.

Soketi ndi swichi zikhale pa bokosi lake la pamwamba pa khoma, lakuya mamilimita 25 kapena kuposa ngati ndi la soketi. Trunking ifike mpaka kukhudza bokosilo, ndipo chikopa chakunja cha waya chilowe nawo m'bokosi. Siyani masentimita 15 a waya olumikizira. Waya wa earth wosavala uja mumuveke kachubu kobiriwira ndi chikasu, chifukwa mukamakankhira soketi m'bokosi amatha kupindika n'kukhudza waya wa moto. Ndipo m'kati mwa trunking musalumikizemo mawaya mopota n'kukulunga tepi. Polumikiza paliponse pakhale m'bokosi lotheka kutsegula, ndi zolumikizira zomanga.

Chomaliza, chimene ambiri sachidziwa. Moto ukabuka m'nyumba, trunking ndi makilipi a pulasitiki zimasungunuka, mawaya n'kugwa ngati ukonde. Mu 2010 ozimitsa moto awiri anafera m'nyumba yosanja ya Shirley Towers ku Southampton, ku England, mawaya atagwa motere n'kukola anthu. Kuyambira mu buku la 2018, BS 7671 imafuna kuti mawaya a paliponse m'nyumba amangidwe mwa njira yoti asagwe msanga pa moto. Choncho pamwamba pa zitseko, m'makonde ndi kunsi kwa siling'i, ikanimo zogwirira zachitsulo m'kati mwa trunking.

FUNSO: Trunking yopita kukhitchini kwathu imafunda tikamaphika, ndipo chivindikiro chapindika. Buleka sagwa. Kodi ndi vuto? (Bambo wa ku Nchalo)

YANKHO: Ndi vuto ndithu, bambo, ndipo musalizengereze. Ma amp 23 tatchula aja amawerengedwa pa kutentha kwa madigiri 30. Kwanu ku Chigwa cha Shire, kunsi kwa denga la malata, madigiri 40 si achilendo, ndipo pamenepo waya yemweyo amatsika kufika pa ma amp 20. Ngati mu trunking imodzimodziyo mukudutsa mizere iwiri ya waya yonyamula magetsi nthawi imodzi, uliwonse umatsikanso kufika pa 16, chifukwa ikutenthetsana. Tsono hotipuleti ya mawati 2000 imakoka pafupifupi ma amp 9, ketulo ya mawati 2000 enanso 9. Mwafika kale pa 18 musanayatse ayironi. Buleka wa ma amp 20 kapena 32 saona cholakwa chilichonse, pamene waya akupsa pang'onopang'ono.

Wamagetsi ayang'ane zinthu zitatu. Choyamba, saizi ya buleka: mzere umodzi wa 2.5 mm² wochoka ku bokosi la mabuleka n'kukathera pa soketi yomaliza usapitirire buleka wa ma amp 20. Wa 32 ndi wa mzere wozungulira, umene mbali zake zonse ziwiri zimabwerera ku bokosilo. Chachiwiri, chitofu chachikulu chikhale ndi mzere wakewake wa 6 mm² mu trunking yakeyake. Chachitatu, wayayo ndi kopa weniweni? Pamsika pali waya wa aluminiyamu wongopakidwa kopa kunja. Mukamupala ndi mpeni amaoneka woyera m'kati, ndi wopepuka, ndipo amathyoka mukamupinda kangapo. Ameneyo amatentha msanga ndipo amamasuka pa masikuruwu. Ngati kufundako kuli pamalo amodzi okha, wamagetsiyo atsegule pamenepo, mwina apezapo polumikiza pobisika.

FUNSO: Ndinaona pa intaneti waya wopyapyala ngati pepala, womata pakhoma n'kupakapo penti osaonekanso. Ndingagwiritse ntchito powonjezera soketi m'nyumba ya lendi? (Wowerenga wa ku Zomba)

YANKHO: Pa soketi ayi. Waya ameneyo ndi timizere ta kopa tophwatalala tomatidwa pa tepi, ndipo amene amagulitsidwa kwambiri ndi wa mphamvu yochepa, monga wa masipika ndi mababu a mavoti 12. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 230. Chikopa chake n'chopyapyala, ndipo mukapakapo penti palibe angadziwe kuti pali waya. Wobwera pambuyo panu adzakhomapo msomali wa kalendala. Ngakhale ku America, waya wophwatalala wa mtundu wa FCC, woyala kunsi kwa kapeti m'maofesi, malamulo awo a magetsi amauletsa m'nyumba zogona anthu.

Pa sola ya mavoti 12 angathandize, koma werengerani kutayika kwa mphamvu m'njira. Waya wa 1.5 mm² wonyamula ma amp 5 pa mtunda wa mamita 10 amataya pafupifupi mavoti 1.5. Pa 230 zimenezo sizimveka, koma pa 12 mababu amazilala ndipo TV imazima yokha. Ikaninso fyuzi pafupi ndi batire, chifukwa batire ikachita shoti imatha kufiiritsa waya.

Soketi yowonjezerayo pemphani eni nyumba, wamagetsi aikoke ndi twin and earth mu trunking kuchokera pa mzere woyenera. Tipempheko chimodzi: musakhome pakhoma kawaya kofewa ka nyali kapena ka wailesi kaja. Kalibe earth, n'kakang'ono, ndipo msomali umalowa pakati pake mosavuta.

FUNSO: Nanga kubafa ndi panja, waya wa pamwamba amaloledwa? (Mayi wa ku Mangochi)

YANKHO: Kubafa, mawaya adutse m'siling'i, atsikire pa babu lotsekedwa bwino, ndipo swichi ikhale kunja kwa chitseko kapena ikhale yokoka ndi chingwe. Trunking wamba siletsa madzi. Mizere ya kubafa ndi ya masoketi itetezedwe ndi buleka wa earth leakage wa 30 mA, amene amagwa magetsi akayamba kutayikira pansi kapena kudzera mwa munthu, ndipo muzidina batani lake loyesera miyezi ingapo iliyonse kuti muone ngati akugwa.

Panja, chikopa cha twin and earth chimauma ndi dzuwa, n'kuyamba kusweka. Muyendetseni mu paipi ya magetsi ya mamilimita 20 yomangidwa pakhoma, kunsi kwa denga kumene kuli mthunzi, ndipo alowe m'bokosi kuchokera kunsi kuti madzi a mvula asatsate waya. Popita ku nyumba ina ya kuseri kapena ku pampu ya madzi, pamafunika waya wa chikopa chachitsulo wokwirira pansi, wokhala ndi tepi yochenjeza pamwamba pake kuti wolima ndi khasu aione asanafike pa waya.