Musanatumize ndalama ya poloti ku Kasungu, mvetsani mawu awa

Mwana wa mlongo wanga wafika kuno ku Joni chaka chomwe chino, akugwira ntchito ya m'galadeni ku Randburg. Lamlungu lapitali anandiimbira ali wokondwa: "Amalume, ndapeza poloti ku Chankhanga, mwini wake akuti mapepala onse alipo." Nditamufunsa kuti mapepala ake ati, pa foni panangoti zii. Usiku umenewo sindinagone, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandidyera ndalama ya zaka ziwiri. Ndiye inu mwangotsika basi ku Park Station, fumbi la ku Tete lisanachoke m'maso, tcherani khutu.

Choyamba, mapepala si amodzi. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni woti amfumuwo akudziwa kuti mwapatsana malo, basi. Ambiri timaitcha title deed, koma siyo. Pangano la malonda lolemba pa pepala la m'kope, mboni ziwiri n'kusainira, limangosonyeza kuti ndalama inatuluka m'manja mwanu. Offer letter ndi kalata yoti boma kapena khonsolo yavomera kukupatsani malo mukakwaniritsa zimene yalemba, ndipo mukapanda kulipira mu nthawi yake malowo angathe kupita kwa wina. Lizi ndiyo yolembedwa m'kaundula wa boma: malo mumawabwereka kwa zaka zotchulidwa, kawirikawiri 99 pa malo omangapo nyumba, ndipo chaka chilichonse mumalipira ground rent, lendi ya malowo. Wogulitsa akanena kuti malo ali pa lizi, mufunseni nambala ya poloti, mutume munthu ku Lands ku Lilongwe akaone dzina limene lili m'buku, komanso ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki. Ndipo kugula sikunathe mpaka dzina litasinthidwa, chimene amati change of ownership. Dzina likadali la wogulitsa, mukumanga nyumba ya ana ake.

Chachiwiri ndi chimene chinandipweteka ine. Kwathu ku Kasungu malo ambiri ndi a mbumba. Mnyamata amene anandigulitsa anali kulimapo ndithu, aliyense amamuona ndi khasu pamalopo, ndipo anyakwawa anadinda kalata. Koma mundawo unali wa agogo ake aakazi. Mwinimbumba sanauzidwe, alongo ake a ku Santhe sanauzidwe. Nditathira faundeshoni anatulukira onse pamodzi. Mlandu unakambidwa pabwalo ine ndili kuno, ndikumvera pa foni mayunitsi akutha, mayi anga atakhala pansi pa mtengo wa mango ngati akuba. Ndalama sinabwerere. Njerwa zanga anazigumula, ena anamangira khola la nkhumba. Chimene chimandiwawabe mpaka lero n'chakuti amene anandipezera malowo ndi mbale wanga wa bere limodzi, ndipo ankadziwa zonse. Anadya yake ya pakati, pa maliro timakumana, amandipatsa moni maso ali gwa. Inu musalipire musanamve pakamwa pa mwinimbumba ndi azimayi a pabanjapo, ndipo onse asaine. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo a makolo kuti akhale ndi satifiketi, funsani ku ofesi ya DC ngati dera lanulo anayamba.

Chachitatu, malire. Mukamva kuti poloti ndi 30 kwa 15, funsani kuti anayeza ndani ndipo ndi chiyani. Ambiri amayeza ndi mapazi n'kuloza chulu ndi mtengo wa mthethe. Chulu amachigumula oumba njerwa, mtengo amaudula ootcha makala. Bikoni ndi kachipilala ka simenti kamene saveya amakwirira pangodya iliyonse, ndipo ali ndi mapu ake. Ekala ndi hekitala n'zosiyananso: hekitala imodzi ndi mamita 100 kwa 100, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Poloti ya m'mbali mwa M1 imakopa, koma pali road reserve, dera la msewu limene ukamangapo tsiku lina adzagumula. Ndipo Kasungu ndi dziko la maesiteti a fodya. Malo angaoneke tchire lopanda mwini, anthu n'kumalimamo zaka, koma ali m'kati mwa lizi ya munthu amene ali phee ku Lilongwe.

Chachinayi, mawu a amisiri. Apa ndi pamene ife a kunja amatimeta popanda madzi. Mmisiri akati nyumba yafika pa window level, ndiye kuti khoma lafika pamene payambira zenera, osati pamwamba pake. Ine pa nyumba yachiwiri ndinatumiza ya malata ndikuganiza kuti khoma latha. Linta ndi konkire ya zitsulo yodutsa pamwamba pa chitseko kapena zenera. Ring beam ndi lamba wa konkire wozungulira nyumba yonse, ndipo awiriwa mtengo wake ndi wosiyana kutali. Amakulipiritsani lamba wonse, n'kungothira pa mazenera, pulasitala n'kubisa. DPC ndi pepala lakuda loyala pamwamba pa faundeshoni kuti chinyezi chisakwere khoma. Silidula, koma akaliiwala khoma limayamba kufumbwa m'munsi, penti n'kumasupuka dzinja lililonse. Brick force ndi waya woyala pakati pa mizere ya njerwa. Y12 ndi chitsulo cha mamilimita 12, ndipo akakuikirani Y10 pa chithunzi simungazindikire. Malata nawo: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 32, nambala ikamakwera lata likupyapyala. Ambiri timaganiza mosemphanitsa.

Kotesheni ilembedwe kuti ndi ya manja okha kapena ndi zipangizo zomwe. Lipirani gawo likatha, osati lisanayambe. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50, ndipo matumba opanda kanthu awerengedwe ndi munthu wosiyana ndi amene akugula. Chithunzi cha pa WhatsApp musachikhulupirire, mnzanga wa ku Chamama anatumiziridwa nyumba ya eni ake chaka chathunthu. Imbani vidiyo, mayi anu aime pakhomo, kamera izungulire mpaka muone nyumba ya aneba imene mukuidziwa.

Za kuno komwe ndinene mwachidule. Dipoziti si lendi ya mwezi womaliza, ndi chikole, ndipo lamulo la kuno limati ibwezedwe mukatuluka osaononga kanthu. Jambulani chipinda tsiku lolowa, sungani malisiti. Wina akakutsatsani nyumba ya RDP (zimene boma la kuno limamangira osauka) motchipa, thawani: mwini wake saloledwa kuigulitsa zaka 8 zoyambirira, ndipo dzina lanu silidzalowa pa pepala.

Mnyamata uja ndamuletsa kutumiza. Wakwiya, akuti poloti imuphonya chifukwa wina wabwera kale ndi ndalama m'manja. Ngakhale ine anandiuza zomwezo. Mayi ake anyamuka Lachiwiri m'mamawa kupita ku khonsolo ndi nambala ya polotiyo, ndipo ya thiransipoti ndawatumizira ndine.