Mwana wanu sakusochera, Mayi

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera kuti mwana wake wamkazi wa Fomu 4 akufuna kudzaphunzira za nanomaterials, tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, makamaka mmene malo amene tinthuti tayalidwapo amasinthira kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo akufunsa ngati maphunzirowa angadzamudyetse.

Mayi, mwana wanu wagwira nkhani yolemera. Tinthuti ndi tating'ono kwambiri moti timayezedwa m'nanomita, pamene tsitsi limodzi ndi lonenepa nanomita pafupifupi 80,000. Akatswiri amatiphatikiza, mwachitsanzo timibulu ta golide ndi graphene, kansalu ka kaboni kopyapyala ngati atomu imodzi. Kanthu kotere kamayalidwa pa chinthu china chimene asayansi amachitcha substrate. Yalani chitenje pamkeka, kenako pamiyala, ndipo muona kuti chimatengera zimene zili pansi pake.

Mu 2004, Andre Geim ndi Konstantin Novoselov anasenda graphene ndi selotepi ku Manchester ku England, ndipo anatha kuona kansaluka chifukwa anakayala pa silicon (chinthu chopangira zida za m'makompyuta) wokutidwa ndi silicon dioxide (chinthu chonga galasi) wonenepa nanomita 300, amene amabweza kuwala mwa njira yokaonetsa. Komatu silicon dioxide yemweyo ndi wokhakhala ndipo amasunga timphamvu ta magetsi timene timapunthwitsa ma elekitironi, tinthu timene timayendetsa magetsi. Mu 2010, ofufuza a ku Columbia University ku America anayala graphene pa substrate ina yosalala yotchedwa boron nitride, ndipo magetsi anayenda mofewa kwambiri. Timibulu ta golide nato timasintha mtundu wa kuwala kumene timameza malinga ndi chimene takhalapo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti graphite, mwala umene amasendako graphene, ulipo konkuno ku Malingunde ndi ku Kasiya.

Pa MSCE alimbikire Masamu, Physics ndi Chemistry, makamaka Masamu, chifukwa ambiri amagwera pamenepo. Akatero asankhe digiri ya Physics kapena Chemistry, monga ya ku University of Malawi ku Zomba. Sindikubisirani kuti zipangizo zofufuzira tinthuti ndi zodula, choncho digiri yachiwiri ayembekezere kukaichita kunja, mwina ku South Africa, ndipo thandizo la fizi limatsata amene anakhoza bwino digiri yoyamba. Ngakhale ulendowo utachedwa, digiriyo ingamupezetse ntchito m'malabotale, kumigodi, pa zamagetsi a dzuwa kapena pa uphunzitsi. Pakadali pano mumupezere mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ndipo mupemphe aphunzitsi ake a Physics kuti azimuonera zimene wayankha sabata iliyonse.