Ukufuna ubusa, nanga Biology wakulakwira chiyani?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, makalata ngati iyi amachuluka:

"Aphungu, ndili ndi zaka 19 ndipo ndakhoza MSCE ndi mapointi 15. Biology ndi Chemistry ndidakhoza bwino kwambiri. Chiyambire ku Fomu 2 ndimamva kuti Mulungu akundiitanira ku ubusa mu mpingo wathu wa CCAP. Bambo akuti ubusa ndi wa anthu amene sukulu idawakana, ndipo ndikapanda kuchita zachipatala sadzandilipiriranso fizi. Komanso mlaliki wina pa chitsitsimutso adatiuza kuti sayansi imachotsa munthu pa chikhulupiriro. Ndasowa pogwira. Ndisankhe Mulungu kapena sayansi?"

Mwana wanga, funso lako lomalizalo lapindika. Mlaliki uja adakusocheretsa, ndipo zimandiwawa kuti mwana wanzeru ngati iwe akufuna kutaya mphatso yake chifukwa cha ulaliki wa usiku umodzi.

Tayang'ana mpingo wako womwewo. Robert Laws, amene adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi gulu loyamba la mishoni ya Livingstonia, adali mbusa komanso dokotala, ndipo mu 1876 adachita opaleshoni atagonetsa wodwalayo ndi chloroform. Zipatala za Nkhoma, Mulanje Mission, Ekwendeni ndi Embangweni ndi za CCAP. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe lawo la CHAM zimathandiza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala m'dziko muno, makamaka kumidzi. Kodi makolo achikhulupiriro amene adamanga zipatala zonsezi adali osapemphera?

Ndikudziwa kuti chimene chikukuvuta kwenikweni ndi nkhani ya chiyambi cha dziko. Akhristu samvana pa masiku asanu ndi limodzi a m'buku la Genesis: ena amati ndi masiku enieni a maola 24, ena amati ndi njira yofotokozera kuti zonse zidachokera kwa Mulungu mwadongosolo. Mkangano umenewu ndi wakalekale. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa amene adamwalira mu 430, sadawerenge masikuwo ngati masiku athuwa, ndipo adachenjeza kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa pa za nyenyezi ndi zamoyo pamaso pa anthu odziwa, amanyozetsa Malemba. Amene adayambitsa maphunziro a momwe ana amatengera makolo, Gregor Mendel, adali wansembe wolima nsawawa zachizungu m'munda wa nyumba ya ansembe ku Brno. Georges Lemaître, wa ku Belgium, amene mu 1927 adaonetsa mwa masamu kuti thambo likufutukuka, adali wansembe wa Katolika. Ndipo Papa Pius XII atanena mu 1951 kuti zimenezi zikutsimikiza kuti Mulungu adalenga zonse, Lemaître yemweyo sadakondwere nazo. Iye ankaona kuti chikhulupiriro chosamira pa zimene asayansi apeza chaka chino chidzagwedezeka akadzapeza zina. Sayansi imayeza, imawerenga, imafufuza kuti chinthu chimayenda bwanji. Koma kuti moyo wa munthu ndi wamtengo wanji, kuti wolakwa akhululukidwe bwanji, kuti wofedwa atsamire pati, mu laboratori mulibe chida choyezera zimenezo.

Izi uzidzaphunzira bwino m'kalasi. Chimene ndikufuna umvetse lero ndi ntchito yeniyeni ya mbusa, chifukwa achinyamata ambiri amaganiza kuti ubusa ndi guwa ndi maikolofoni Lamulungu m'mawa. Kumudzi, munthu akadwala mwadzidzidzi, khomo loyamba kugogoda kawirikawiri ndi la abusa.

Taganiza: usiku wa pakati, mayi wafika ku manse, nyumba ya abusa, atabereka mwana wa zaka zitatu, thupi likutentha ngati mbaula, maso atatembenuka, manja akukokana. Achibale akuti ndi zamizimu. Mbusa wodziwa amazindikira kuti awa akhoza kukhala malungo ofika ku ubongo, amene amapha mwana m'tsiku limodzi kapena awiri. Amadzutsa wa njinga yamoto, pemphero n'kumapempherera m'njira. Mbusa wosadziwa amasonkhanitsa anthu kuti achezere kupemphera, ndipo m'mawa amalalikira pa maliro.

Wakhunyu akagwa m'tchalitchi, umgoneke chammbali, uchotse mabenchi ndi mbaula pafupi, usamuike supuni kapena chala m'kamwa, ndipo uwauze anthu kuti malovu ake sapatsira matendawo. Akusowa mankhwala a tsiku ndi tsiku ochokera kuchipatala. Mkhristu amene ali pa ma ARV akabwera ndi pepala lonena kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi, uthokoze naye Mulungu, koma umuuze zoona: mankhwala akapondereza, sanakathe. Akasiya kumwa, m'masabata ochepa kamachulukanso, ndipo kumwa modukizaduka kumakapatsa mpata woti kasamvenso mankhwalawo. Anthu afa chifukwa chouzidwa pa guwa kuti achira ndipo ataye mabotolo.

Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Pa maliro, pa chinkhoswe, pa msonkhano wa amayi, mawu amene anthu amamvera ndi a abusa. Ndiwo angaletse kusamba m'manja m'beseni limodzi n'kulamula kuthirirana madzi ndi sopo. Ndiwo angakumbutse kuti wotsegula m'mimba amwe Thanzi ORS nthawi yomweyo, ndipo mapaketi akasowa, asakanize lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, ali m'njira yopita kuchipatala. Mchere ukachuluka umavulaza, makamaka mwana. Nanga bambo amene wasiya kudya, sakugona, akunena kuti kuli bwino angofa? Kumudzudzula kuti alibe chikhulupiriro ndi kumukankhira kuphompho. Akusowa womumvetsera, womuperekeza kuchipatala, ndipo malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi Zomba Mental Hospital alipo chifukwa cha matenda amenewa.

Tsopano ndikuuze zimene sukufuna kumva. Kumva kuitana mumtima sikukupatsa kolala. Mu CCAP sungodzilembetsa wekha ubusa: umadzera kwa abusa ako ndi akulu ampingo, kenako ku presbitale, ndipo sinodi ndiyo imasankha oti akaphunzire, kaya ku Zomba Theological University, ku Josophat Mwale ku Nkhoma, kapena ku Ekwendeni pansi pa University of Livingstonia. Malo ndi ochepa, ndipo mnyamata wa zaka 19 amene sadaphunzitsepo ngakhale Sande Sukulu sangayembekezere kudumpha anthu amene atumikira zaka zambiri. Ukapita wekha kukatenga digiri ya theology ku University of Malawi kapena ku Mzuzu University, udzakhala ndi digiri yabwino, koma digiri si kudzozedwa. Ndipo ngati ukuganiza kuti kumeneko n'kopumulira, iwala. Kuli Chihebri, Chigiriki, mbiri ya mpingo, kamasuliridwe ka Baibulo ndi uphungu, ndipo ambiri amatuluka thukuta kuposa pa Chemistry. Ukamaliza akhoza kukutumiza ku mpingo wa kumudzi wokhala ndi nyumba zopemphereramo zambiri zotalikirana, malipiro n'kumadalira zopereka za alimi amene nawonso akudikira kukolola.

Njira imene ine ndikuikhulupirira ndi iyi: yamba zachipatala, ubusa ukupeze uli ndi luso m'manja. Lembera ku mayunivesite aboma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, uike maphunziro a KUHeS, yunivesite ya boma ya zachipatala, koma usadalire udokotala wokha chifukwa mpikisano wake ndi woopsa ngakhale kwa a mapointi ochepa kuposa ako. Lemberanso dipuloma ya clinical medicine ku Malawi College of Health Sciences, ya zaka zitatu, ndi unamwino m'makoleji a CHAM monga a ku Nkhoma, Mulanje Mission ndi Ekwendeni. Sukulu iliyonse imene ungaganize, yachipatala kapena yaubusa, yamba wafufuza ngati ili yovomerezeka ndi NCHE. Masukulu a Baibulo a m'nyumba zalendi, opereka satifiketi ya ubusa m'miyezi itatu, adya ndalama za makolo ambiri. Uli pa sukulupo lowa m'gulu la ophunzira achikhristu, uzilalikira, uziyendera odwala m'mawodi. Ngati kuitanako n'kochokera kwa Mulungu, sikudzazima chifukwa cha zaka zinayi kapena zisanu.

Ndi inu bambo, mawu oti ubusa ndi wa olephera sukulu muwabweze. Mbusa amene mukumunyozayo ndi amene adzaphunzitse adzukulu anu, adzayanjanitse banja la mwana wanu wamkazi, adzaime pamanda anu. Mukufuna pa ntchito yotere pazikhala osaphunzira okhaokha? Kuopseza mwana ndi fizi kumabala namwino wamkwiyo kapena mwana wothawira kwa aneneri. Khalani naye pansi, mumuuze kuti mulipira zachipatala ndipo za ubusa simudzamutsekera njira akadzakhwima.

Iwe mnyamata, sabata ino upite kwa abusa ako ukawauze zonse zimene wandilemberazi, uwafunse momwe sinodi yanu imasankhira ophunzira ndi zaka zimene imafuna. Uwapemphe akupatse kalasi ya Sande Sukulu ndiponso uziwaperekeza poyendera odwala. Mafomu a sukulu zija uwadzaze masiku ake asanatseke, ndipo mabuku ako a Biology usawagulitse.