Kuzira, kumata ndi kupaka: mafunso a okonza nyumba

Anthu akamaliza kukolola, dzuwa n'kuyamba kuumitsa makoma, mafunso ambiri amene amandipeza amakhudza nyumba. Ndasankhapo angapo ochokera kuno ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi maboma oyandikana nawo.

Mayi wina wa ku Domwe akufunsa: "Mwana wanga amene amaphunzira ku Ulongwe analemba kuti 'amayi akupaka dothi pansi m'nyumba'. Ndinamuuza kuti timati kuzira, iye akuti zonse n'zimodzi. Akulondola ndani?"

Mayi, mukulondola ndinu, ndipo musatope kumuwongolera. Pali ntchito zitatu zosiyana, iliyonse ndi mneni wake.

Kumata ndi ntchito ya matope olimba, oponda ndi mapazi. Timamata khoma la mitengo, timamata mng'alu umene wabwera ndi mvula, timamatanso nkhokwe. Womata amafuna kutseka ndi kulimbitsa, za maonekedwe sizinafike.

Kuzira kumabwera pambuyo pake. Mayi amakakumba mtsiro kudambo, n'kuunyika mpaka ufewe, n'kuchotsamo timiyala ndi mizu. Akatero amagwada, n'kumautambasula ndi chikhatho kapena kansanza, kuyambira kumapeto kwa chipinda akubwerera chammbuyo kulowera kukhomo kuti asaponde pomwe wazira kale. Pakayamba kuuma, ena amakulungiza ndi mwala wosalala mpaka pansi pachita kunyezimira. Timazira pansi, pakhonde, pachiwundo ndi khoma lomwe. Amene amadziwa ntchitoyi amasankhanso dothi potengera mtundu wake: katondo wofiira m'munsi mwa khoma, dothi loyera pamwamba, mzere wakuda wa makala osinja pakati. Zonsezi munthu sanatulutse ngakhale metical imodzi.

Kupaka ndi kwa zinthu zopyapyala zongokuta pamwamba, monga penti, laimu, vanishi ndi polishi wapansi. Munthu akati "ndapaka dothi", ine ndimamva ngati dothilo wadzipaka m'thupi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ana athu akuyamba kulowetsa ntchito zonsezi m'mawu awiri okha, kupaka ndi kupanga. Mwana amene sadziwa mawu akuti kuzira sadzafunsanso kuti mtsiro umakumbidwa kuti.

Bambo wina wogulitsa zipangizo zomangira ku Zobue akufunsa: "Makasitomala anga ena amati penti, ena tinta, ena utoto. Pachikwangwani ndilembe chiyani?"

Bambo, muli pachipata cha malire a Mozambique ndi Malawi, ndiye musadabwe kumva onse atatu tsiku limodzi. Penti anabwera kudzera m'Chingerezi cha ku Malawi, tinta ndi mawu a Chipwitikizi, utoto ndi wathu. Palibe wolakwa pamenepa. Chinyanja chinayamba kale kubwereka kwa Apwitikizi a m'chigwa cha Zambezi, moti mawu ena a m'nyumba momwemo sitiwaonanso ngati alendo: zenera linachokera ku janela, kama ku cama, kalata ku carta, nsapato ku sapato. Anthu a ku Lilongwe amawatchula tsiku lililonse osaganizako za Tete.

Komabe mawu atatuwa safanana ndendende. Utoto ndi wotakata, umaphatikiza wonyika nsalu, wonyika mlaza wolukira mikeka, ngakhale wochokera ku makungwa a mitengo. Penti ndi wa m'chitini basi. Ine ndikanalemba "Penti" ndi "Tinta" moyandikana, chifukwa chikwangwani ntchito yake ndi kuitana wogula, ndipo wogula wanu amachokera mbali zonse ziwiri.

Pa zoyeretsera khoma, ambiri amati laimu, m'Chipwitikizi ndi cal, koma mawu akale ndi njereza. Owerenga Baibulo amawadziwa pa Mateyu 23:27, pamene pakunenedwa za manda opaka njereza. Laimu ndi wotsika mtengo kuposa penti, ndipo pa khoma lozira amagwira bwino chifukwa salitsekera chinyezi mkati monga amachitira penti wa mafuta, amene amafufuma n'kuyamba kusupuka. Muziwakumbutsa ogula kuti laimu amawotcha khungu ndi maso. Akamasungunula avale kanthu m'manja, ana akhale patali.

Mtsikana wina wa ku Furancungo akudandaula: "Ndinalemba pa Facebook kuti ndikufuna kukongoza chipinda changa ndi zinthu zotchipa. Anzanga anayamba kundifunsa kuti chidzabwezedwa liti. Ndinalakwitsa pati?"

Mwanawe, munasokoneza aneni awiri ofanana kalembedwe. Kukongola kulipo kuwiri. Kwina ndi kuoneka bwino: "nyumba yakongola". Kwina ndi kutenga ngongole: "ndakongola ndalama kwa achimwene". Tikafuna kunena kuti munthu wachititsa zimenezi, njira zimapatukana. Wochititsa chinthu kuoneka bwino amakongoletsa, wopatsa mnzake ngongole amakongoza. Ndiye inu mumafuna kukongoletsa chipinda. Kukongoza chipinda kungakhale kuchipereka pangongole, n'chifukwa chake anzanu anakusekani.

Mawu akuti zotchipa si olakwika, koma ali ndi kafungo. Munthu akati "nsalu yotchipa", womvera amatha kuganiza za nsalu yosachedwa kusuluka. Mukafuna kunena za mtengo wokha, nenani kuti zotsika mtengo, kapena monga amanenera pamsika, zosaboola m'thumba. Katani amene mwasoka nokha kuchokera ku chitenje chakale ndi wosaboola m'thumba, ndipo sindingalole wina amutche wotchipa. Pajatu kuno chitenje chomwecho ambiri amachitcha kapulana, ndipo nawonso ndi mawu oti mulembe popanda manyazi.

Wowerenga wa ku Tsangano akufunsa mwachidule: "Chithunzi timakhoma kapena timapachika? Nanga mkeka ndi mphasa zikusiyana pati?"

Timakhoma msomali, n'kupachika chithunzi pa msomaliwo. Ngati chithunzicho mwachiboola ndi msomali kuti chikakamire kukhoma, pamenepo ndiye mwachikhoma. Chinthu chokhala ndi chingwe kapena chogwirira, monga dengu, timachikoleka. Mukamakhoma pa zidina, msomali uzikhala wautali ndipo uloze pansi pang'ono, apo ayi umazuka ndi dothi lomwe.

Mphasa ndi ya bango long'amba, losokedwa ndi chingwe, ndipo ndi yolimba. Mkeka ndi woluka ndi mlaza, wofewa, wotheka kuupinda, ndipo ndi umene umalandira utoto. Zonse ziwiri timayala. Masiku ano ena akukhoma mphasa kudenga kuti ibise malata ndi kuchepetsa kutentha, ena akupachika malichero ang'onoang'ono kukhoma la pabalaza. Zikatero mneni amasintha potsata ntchito: mphasa ya kudenga sitinganene kuti yayalidwa.

Mphunzitsi wina wa ku Ulongwe akufunsa: "Ana anga amajambula zinthu za m'nyumba n'kulemba mayina ake kuti tikongoletse kalasi. Ena alemba citseko, ena chitseko. Ndichonge ziti?"

Aphunzitsi, ana onsewo ali ndi poimira. Ku Malawi, kumene chiyankhulochi chinapatsidwa dzina lakuti Chichewa mu 1968, malamulo a kalembedwe amati ch: chitseko, chitenje, Chichewa. Kuno ku Mozambique, akatswiri a NELIMO, gulu lofufuza ziyankhulo pa yunivesite ya Eduardo Mondlane, anatsogolera misonkhano yokonza kalembedwe ka ziyankhulo za dziko lino, woyamba mu 1988, ndipo kalembedwe ka kuno kamagwiritsa ntchito c yekha: citseko, citenje, Cinyanja. Ku Zambia nakonso amalemba c. Katchulidwe n'kamodzi. Kuno kulemba c kuli ndi ubwino wake: mwana wozolowera Chipwitikizi akaona ch amawerenga ngati sh, monga m'mawu akuti chave.

M'kalasi tsatani kalembedwe ka m'mabuku amene ana akuwerenga, kuti pakhoma ndi m'buku pasakhale kusiyana. Amene alemba ch musawadule malikisi ngati kuti sadziwa, ambiri anaziona m'mabuku a nyimbo a kutchalitchi ndi m'mauthenga a achibale a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Afotokozereni kuti njira zilipo ziwiri, koma papepala limodzi asankhe imodzi.

Pamene muyenera kuumirira ndi pa kachizindikiro ka m'mawu ngati m'nyumba ndi m'chipinda. Kamaimira u amene wagwa pa mu, ndipo ana amakonda kukasiya kapena kukaika pa mawu ngati mkeka ndi mpando, pomwe sikafunika.