Mkazi m'modzi, munthu wakuda m'modzi: kodi Dr. Strangelove ndi yatsankho?

Mayi wina watilembera imelo. Akuti anaonera Dr. Strangelove, filimu ya Stanley Kubrick ya mu 1964 yonyoza atsogoleri a America pa nkhani ya nkhondo ya mabomba a nyukiliya, ndipo mkazi anapezamo m'modzi yekha, wakuda nayenso m'modzi. Akufunsa ngati limeneli ndi tsankho, kapena ndi iwo amene nthabwala yake yawadutsa.

Mayi, mwawerenga bwino. Mkaziyo ndi Tracy Reed, amene ali Miss Scott, mlembi komanso chibwenzi cha General Turgidson. Wakudayo ndi James Earl Jones, mu filimu yake yoyamba, ali Lieutenant Zogg, woponya mabomba m'ndege ya B-52. Chonsecho Peter Sellers yekha anapatsidwa mbali zitatu.

Koma filimu yonyoza sitiiweruza pongowerenga mitu ya anthu. Timayamba tafunsa kuti akusekedwa ndani.

Taonani chipinda chokonzera nkhondo chija. Pa tebulo lalikulu lozungulira pakhala azibambo achizungu okhaokha, kukambirana za imfa ya anthu mamiliyoni ngati akuwerengera matumba a chimanga. Umu ndi mmene boma la America linalili. Filimuyi inatuluka mu Januwale 1964, pomwe munthu wakuda woyamba kukhala nduna, Robert Weaver, anasankhidwa mu 1966, ndipo akazi anayamba kukhala majenerale mu 1970. Kubrick akanaikapo amayi ndi anthu akuda pa tebulopo, akanawayeretsa anthu omwe iye ankafuna kuwavula. Mlandu wowononga dziko ukugwera eni ake a mipandoyo.

M'ndege muja zinthu n'zosiyana. Pulezidenti Truman analamula mu 1948 kuti kusankhana mitundu kuthe m'gulu la asilikali, choncho Zogg kupezeka m'menemo sikunali kongopeka. Ndi katswiri pa ntchito yake, ndipo palibe nthabwala ngakhale imodzi yokhudza khungu lake. Mvetserani bwino pamene Major Kong, mtsogoleri wa ndegeyo, akulonjeza anyamata ake kuti onse adzakwezedwa maudindo posayang'ana mtundu, khungu kapena chipembedzo. Mawuwa anamveka miyezi ingapo lamulo la Civil Rights Act, loletsa tsankho ku America, lisanasainidwe mu Julayi 1964. Ululu wake uli apa: malo okhawo amene anthu akulonjezedwa kufanana ndi m'ndege yopita kukapha dziko.

Za Miss Scott mutu umagwira. Timamuona kamodzi, atavala bikini, akuyankha foni m'malo mwa bwana wake, komanso pa chithunzi cha m'magazini ya Playboy imene Kong akuwerenga. Kumapeto, Dr. Strangelove, wasayansi wolangiza pulezidenti, akupereka nzeru yoti opulumuka akabisale m'migodi, mwamuna aliyense akazi khumi, osankhidwa potengera maonekedwe, ndipo akuluakulu aja maso ali gwa. Wosekedwa ndi mwamuna wadyera, inde. Komabe mkaziyo sanapatsidwe maganizo akeake, ndipo kamera ikumuyang'ana ndi diso lomwelo limene ikulinyoza. Apa dandaulo lanu lili ndi maziko.

Pamene ife timaona kuti filimuyi inaterereka ndi pomwe ambiri satchula: njinga ya olumala ya Dr. Strangelove, ndi dzanja lovala gulovu yakuda limene limadzuka lokha kuchitira ulemu Hitler, nthawi zina n'kumukanyanga mwini wake pakhosi. Ulumali waikidwa ngati chizindikiro cha mtima wovunda, chizolowezi chakalekale cha opanga mafilimu.

Mukamaioneranso, yesani izi. Paliponse pamene mwaseka, imitsani filimuyo, muchotse m'maganizo khungu, ukazi kapena ulumali wa munthuyo, ndiye muone ngati nthabwalayo yatsala. Zogg atakhala mzungu, nthabwala zonse za m'ndege zikhalapobe, kupatula kuti lonjezo la Kong lichepa mphamvu. Dr. Strangelove mukam'chotsera njinga ndi dzanja lija, theka la phwete la kumapeto lapita, kuphatikizapo pamene akuimirira mwadzidzidzi n'kufuula kuti watha kuyenda.