Chifukwa chake ORS imakhala ndi shuga ndi mchere pamodzi

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji mwana akatsegula m'mimba achipatala amaumirira ORS pomwe madzi akumwa alipo pakhomo, komanso ngati Sobo kapena Fanta sizingathandize poti nazonso zili ndi shuga. Sizingathandize, mwinanso zingawonjezere vutolo. Nkhani yonse yagona pa maselo a m'matumbo, tizigawo ting'onoting'ono kwambiri timene timapanga matumbowo.

Selo iliyonse m'thupi mwathu ndi yokutidwa ndi kanembanemba kopyapyala zedi, kopangidwa ndi mizere iwiri ya tizinthu ta mafuta. Mpweya wa okosijeni umadutsa pamenepo popanda chovuta, koma mchere ndi shuga ayi, chifukwa sizisungunuka m'mafuta. Izi zimalowera m'mapuloteni ozikika m'nembanembamo, ndipo puloteni iliyonse ili ndi katundu wake amene imalola. Madzi alibe pampu yowakoka. Amangolondola kumene kwachuluka mchere kapena shuga, zija kusukulu amati osmosis. Mukawaza mchere pa nkhaka zoduladula n'kuona madzi akutuluka, ndi zomwezo.

Ndiye kuti madzi achoke m'matumbo alowe m'magazi, mchere uyenera kutsogola. Pa maselo a m'matumbo aang'ono pali puloteni yotchedwa SGLT1. Imeneyi ndi yamakani: silowetsa sodium, amene ali mu mchere, pokhapokha gulukozi, amene ndi mtundu wa shuga, akhalepo, ndipo gulukozi silowa popanda sodium. Ulendo uliwonse imatenga ma sodium awiri ndi gulukozi mmodzi. Kuseri kwa selo, mbali yoyang'ana magazi, kuli pampu ina imene imagwiritsa ntchito mphamvu kutulutsa ma sodium atatu n'kulowetsa ma potassium (mchere wa mtundu wina) awiri. Chifukwa cha pampuyi, m'kati mwa selo sodium amakhala wochepa nthawi zonse, choncho wa m'matumbo uja amangofuna kulowa, n'kukokera gulukozi limodzi naye. Madzi amabwera pambuyo. Wasayansi wina, Robert Crane, ndi amene anafotokoza zimenezi koyamba mu 1960 pa msonkhano ku Prague.

Chimene chimandigometsa ine ndi kolera. Poizoni wa kachilomboka sapha maselo. Amangochititsa kuti njira yotulutsira chloride, amenenso ali mu mchere, ikhale yotseguka osatsekanso, madzi n'kumakhuthukira m'matumbo, mwakuti munthu wamkulu wodwala kwambiri amatha kutaya pafupifupi lita pa ola limodzi. Koma SGLT1 saikhudza. Pamene kwina kukutayika, njira iyi imakhala ikugwirabe ntchito, bola muipatse shuga ndi mchere pamuyeso wake. Mu 1971, nthawi ya nkhondo ya ku Bangladesh, kolera inabuka pakati pa othawa kwawo ku Bangaon m'dziko la India, madiripi n'kuperewera. Dokotala wina, Dilip Mahalanabis, anayamba kumwetsa odwala madzi a shuga ndi mchere, achibale ndiwo ankamwetsa. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pa osakwana 4. Kwathu kuno mliri wa 2022 mpaka 2023, uja unayambira ku Machinga, unapha anthu oposa 1,700, choncho si nkhani yakutali.

Tibwerere ku Sobo ndi Fanta. Muli shuga wambirimbiri koma mchere ndi wochepa kwambiri. SGLT1 imasowa sodium woti inyamule, shuga wotsala amakhala m'matumbo, ndipo osmosis ija imatembenuka: madzi amachoka m'thupi kupita kumene kuli shugako. Mwana amatsegula kuposa poyamba. Madzi okha nawo amathetsa ludzu, koma sabwezera mchere umene watayika. Ngakhale ORS yeniyeniyo anaichepetsa mphamvu. Mu 2002 a WHO ndi UNICEF anavomereza yatsopano ya shuga ndi mchere wocheperako, magalamu 13.5 a gulukozi ndi 2.6 a mchere pa lita, kuphatikizapo mchere wina wa potassium ndi citrate, ataona kuti kusanza ndi kutsegula kumachepa ana akamwa imeneyi.

N'chifukwa chake paketi muzisungunula m'madzi okwana monga alembera, kawirikawiri lita imodzi. Ena amachepetsa madzi ati kuti mankhwala akhale amphamvu, chonsecho akumupweteka mwana. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mulawe, asawawe mchere kuposa misozi. Mwetsani pang'onopang'ono, akasanza dikirani mphindi 10 muyambenso, ndipo kuyamwitsa musasiye. Funsaninso mankhwala a zinc kwa alangizi azaumoyo, mwana amamwa masiku 10 mpaka 14. Koma mukaona maso alowa, liwombo labonya, mwana wafooka osatha kumwa, kapena m'chimbudzi muli magazi, musadikire ORS, thamangani naye kuchipatala.