Jenereta ya aircon ya kalavani: musagule musanawerenge kalebulo

Achimwene, mwafunsa ngati jenereta ya 2 kVA yomwe mwaiona kusitolo ingayendetse aircon ya padenga la kalavani yanu, pamene mukupita kumudzi mu Okutobala kukaona mayi pa Tsiku la Anakubala, kudzera ku Tete, kenako kukagona kunyanja malo opanda magetsi. Mwatinso pa aircon palembedwa 2,200 W, ndiye mukuona ngati jenereta yangoperewera ndi 200 basi. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi a m'galimoto ndi m'makalavani kuno ku Joni, ndipo funso limeneli limabwera chaka ndi chaka kukangoyamba kutentha. Ndiloleni nditambasule, chifukwa apa ambiri amataya ndalama kawiri.

Nambala ya 2,200 ija kawirikawiri si magetsi amene aircon imadya. Ndi mphamvu yake yoziziritsa, kutanthauza kutentha kumene imatha kutulutsa m'kalavani. Ena amailemba mu BTU, ndipo 1 kW ndi BTU 3,412 pa ola, choncho 2,200 W ndi pafupifupi BTU 7,500. Magetsi amene imadya ndi ochepa kuposa pamenepo, nthawi zambiri pafupifupi theka. Kuti mudziwe zenizeni, kwerani padenga, masulani chivindikiro chapulasitiki chija, mupeza kalebulo pambali pa makinawo kapena pa kompresa penipeni (kompresa ndi makina opopa gasi woziziritsa mu aircon). Fufuzani manambala awiri. Yoyamba ndi ma amp amene imadya ikamayenda. Tiyerekeze kuti palembedwa 5 A: muchulukitse ndi 230 V, mupeza mawati 1,150. Yachiwiri yalembedwa kuti LRA, ndipo imeneyi ndi imene imagwetsa majenereta.

LRA ndi ma amp amene kompresa imakoka pa kamphindi kakang'ono kamene ikuyamba kuzungulira ili chiimire. Muganize za ngolo yodzaza matumba a chimanga: kuti ichoke pamene yaima ng'ombe zimakoka mpaka kugwada, koma ikangoyamba kuyenda zimangoyenda bwinobwino. Kompresa ndi chimodzimodzi. Poyamba imakoka kanayi kapena kasanu kuposa ma amp ake a nthawi zonse, kwa nthawi yosakwana sekondi imodzi. Magetsi a pakhoma salabadira zimenezi, n'chifukwa chake pa malo ogona okhala ndi soketi aircon yanu imangoyaka popanda vuto. Koma jenereta yaing'ono imamva. Injini imabuula, voteji imatsika, kanyali kofiira kamayaka, magetsi n'kuzima. Choipa kwambiri ndi pamene sizima msanga, kompresa n'kumangong'ung'udza osazungulira, waya wa mkati mwake ukutentha. Mukatero kangapo mwapsereza kompresa, ndipo kusintha kompresa ya aircon ya padenga nthawi zambiri kumafanana ndi kugula ina yatsopano.

Tsono tibwere ku 2 kVA ija. Pa katoni amalemba nambala yaikulu, imene jenereta imafika kwa kanthawi chabe. Nambala imene ingagwire usiku wonse ndi ina, yalembedwa timalemba ting'onoting'ono kuti "rated". Mwachitsanzo Honda EU22i imafika 2,200 koma yokhazikika ndi 1,800. Yamaha EF2000iS imafika 2,000 koma yokhazikika ndi 1,600. Komanso kVA si kW. Majenereta ambiri otchipa amawerengera kuti 1 kVA ndi 0.8 kW, kotero 2 kVA imakhala mawati 1,600 okha. Inu muziwerengera nambala yaing'onoyo nthawi zonse.

Pamenepo simunachotse za phiri. Injini ya petulo imapuma mpweya ngati ife, ndipo mukakwera pamtunda mpweya umapepuka. Lamulo limene timagwiritsa ntchito ndi loti imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750, ndiye jenereta ya 1,800 kuno imakupatsani pafupifupi 1,480. Lilongwe ili pa mamita pafupifupi 1,050, kumeneko ifika cha m'ma 1,600. Kunyanja, ku Mangochi kapena ku Cape Maclear, muli pansi pa mamita 500, mutaya pang'ono chabe. Ku Tete ndi ku Chikwawa n'kotsika kwambiri, injini imapuma bwino, koma n'kumene dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, kutentha kumadutsa madigiri 40. Kukatentha chotero gasi wa mu aircon amathina, kompresa imadya magetsi ambiri kuposa a pa kalebulo, ndipo imayenda osapuma. Ubwino wake wokhala ku Joni ndi woti mungayesere pakhomo panu pomwe. Ikatha kuyatsa aircon kuno masana dzuwa lili paliwombo, kalavani itakhala padzuwa, ndiye kuti kotsikako ili ndi mpata. Koma musayese m'mawa kukuzizira n'kunena kuti zatheka.

Ine ndinaphunzira zimenezi m'njira yomweyo mukupitayo. Ulendo wanga woyamba ndi kalavani ndinagula jenereta kwa munthu wina wogulitsa amene anandilumbirira kuti ndi 2.5 kVA ndipo aircon iliyonse iyenda. Pakhomo ndinayesa madzulo kamodzi, inayaka. Titafika pafupi ndi Tete tinagona panjira, ana awiri ali m'kalavani, kunja kukutentha ngakhale usiku. Inayatsa aircon koyamba, koma kompresa itapuma n'kufuna kuyambanso, jenereta inazima. Ndinayatsanso, yazimanso. Usiku umenewo tinagona zitseko zili pululu, udzudzu ukutidya, ndipo mwana wamng'ono analira mpaka mbandakucha. Nditabwerera ndinayeza ndi mita: siinkafika ngakhale 1,700.

Ndiye muli ndi njira ziwiri zimene ndingakuvomerezeni.

Njira yoyamba, imene ine ndimakonda, ndi kuika soft starter pa aircon, kenako kugula jenereta ya inverter (mtundu umene umatulutsa magetsi okhazikika) ya 2.2 kVA ya kampani yodziwika. Soft starter ndi kabokosi kamene kamalumikizidwa pa kompresa, kamalola magetsi kulowa pang'onopang'ono m'malo mokoka onse nthawi imodzi. Kamatsitsa kukoka koyamba kuja ndi zoposa theka. Kodziwika kwambiri ndi Micro-Air EasyStart, koma onetsetsani kuti mwagula ka 230 V, chifukwa zambiri zimene mungaone pa intaneti ndi za ku America kumene makalavani amayendera 120 V. N'chifukwa chakenso musatengere malangizo a m'mavidiyo a kumeneko mwachimbulimbuli: iwo akamati aircon ya BTU 13,500 ikufuna mawati 3,000, akunena makina aakulu kuposa anu komanso ma amp a voteji ina. Ndimakonda njira imeneyi chifukwa cha kulemera. EU22i ndi makilogalamu 21, munthu mmodzi amanyamula ndi dzanja limodzi n'kuiika m'buti. Ngati aircon yanu ndi ya mtundu watsopano wa inverter, kompresa yake imayamba yokha pang'onopang'ono, soft starter siifunika konse.

Njira yachiwiri ndi kugula ya 3 kVA ya inverter osakhudza aircon. Imayatsa bwino ndipo imatsala ndi mpata wa zinthu zina. Koma Honda EU30is, mwachitsanzo, ndi makilogalamu pafupifupi 60. Kuitsitsa ndi kuikweza mpaka anthu awiri amphamvu, ndipo pa mchenga wa kunyanja matayala ake sathandiza. Kumbukiraninso kuti kalavani ili ndi malire a katundu, makamaka kutsogolo pa chokokera. Ena amagula ziwiri zazing'ono zofanana n'kuzilumikiza ndi chingwe chake chapadera, zimagwira ngati imodzi yaikulu, ndipo imodzi ikafa ina ilipo. Ndi nzeru yabwino ngati thumba likulola.

Imene sindingakuvomerezeni ndi ija ya mafelemu achitsulo yapoyera, imene timaiona pa ntchito za zomangamanga ndi pa maukwati. Ndi yotchipa zedi, mphamvu ili nazo, koma magetsi ake sakhazikika, ndipo mu aircon muli kabolodi ka magetsi kamene sikapirira kukwera ndi kutsika kwa voteji. Chaja cha batire chimodzimodzi. Komanso phokoso lake: usiku kunyanja kuli zii, limamveka mudzi wonse, ndipo anthu amene mwawapeza kumeneko ndi amene adzasowe tulo kuti inu mugone mozizira. Zimenezo sizipatsa ulemu. Funsaninso eni malo musanayatse, chifukwa malo ena salola jenereta ngakhale yachete. Ku Tsendze, kamsasa ka ku Kruger pafupi ndi Mopani, kulibe magetsi koma jenereta n'njoletsedwa.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi chakuti mukangolumikiza kalavani ku jenereta, si aircon yokha imene imadya. Chaja cha batire chimayamba pompo, ndipo batire ikakhala yatsika chimakoka mawati mazana angapo mwakachetechete. Firiji ija yoyendera njira zitatu (gasi, batire ndi 230 V) imasamukira ku 230 V. Ngati muli ndi giza yamagetsi, nayo imayaka. Inu mukuona ngati mwayatsa aircon yokha pamene jenereta yasenza kale katundu. Choncho firiji ndi giza ziikeni pa gasi, ndipo batire muzitchaja masana ndi sola kapena poyenda. Ketulo yamagetsi isiyeni kunyumba: yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposa, ndipo tsiku limene mayi akunyumba adzaiyatsa aircon ikuyenda, zonse zidzazima. Tiyi aphikidwe pa gasi.

Kayatsidwe kakenso n'kofunika. Yatsani jenereta, itenthe mphindi ziwiri kapena zitatu. Zimitsani batani la Eco, chifukwa likakhala loyaka injini imayenda pansipansi ndipo siithamanga msanga kompresa ikaitana. Yatsani fani ya aircon yokha kaye, kenako kuziziritsa. Aircon ikazima pa chifukwa chilichonse, dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu musanayatsenso, gasi akhazikike, apo ayi kompresa imayamba ikukankhana ndi mphamvu yonse ya gasi.

Chingwe chikhale chonenepa, cha 2.5 mm², chosapitirira mamita 20 kapena 25, ndipo muchifunyulule chonse pa chiguduli chake. Chingwe chowonda chimadya voteji panjira, ndiye mumaimba mlandu jenereta yosalakwa. Ndipo musananyamuke pitani kwa wamagetsi wodziwa makalavani akayeze ngati earth leakage (swichi yachitetezo imene imadula magetsi akayamba kuthawira pansi) ya m'kalavani ikugwa bwino ikamayendera jenereta. Majenereta ambiri a inverter neutral yake siinalumikizidwe ku earth, ndiye chitetezocho chikhoza kusagwira ntchito monga chimachitira pa magetsi a pakhoma. Ndi ntchito yaing'ono koma musaichite nokha mongoyerekeza. Tengani ndi adaputa, poti kwathu masoketi ndi a mano atatu amakona aja, osati ozungulira a kuno.

Za petulo, werengerani motere. Thanki ya EU22i ndi malita 3.6. Ikasenza katundu wodzaza imatha m'maola atatu ndi theka, ikasenza gawo limodzi mwa magawo anayi imafika maola 8. Aircon ili pakatikati, ndiye usiku wotentha thanki imodzi siifika m'mawa. Ine ndimawerengera lita imodzi pa ola kuti ndisakhumudwe, ndipo ndimaziziritsa kalavani kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku, kenako fani ya 12 V imalandira. Mukudziwa nokha mmene petulo amasowera nthawi zina kwathu, choncho musadalire kuti mukagula kumeneko tsiku lililonse. Za kuwoloka ndi zigubu pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, funsani malamulo ake musananyamuke. Musathire petulo injini ili yotentha. Ngati jenereta ndi yatsopano, oilo woyamba asinthidwe pa maola 20, choncho ndi bwino maola amenewo athere kuno mukuyesa, ndipo sefa ya mpweya muziitsuka pafupipafupi chifukwa fumbi la Okutobala ndi lambiri.

Apa pokha ndikupemphani mumve ngati m'bale wanu. Utsi wa jenereta uli ndi carbon monoxide, mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Chiyeso chimakhala chakuti muiike pansi pa kalavani kapena mu tenti ya m'mbali poopa akuba ndi mvula. Musatero ngakhale usiku umodzi. Ikhale mamita osachepera 6 kuchokera pa kalavani, paipi ya utsi italoza kumbali, ndipo muone kumene mphepo ikupita kuti utsi usalowe pa zenera lanu kapena mu tenti ya mnzanu. Za akuba, gulani tcheni ndi loko muimangirire ku mtengo. M'kalavani muike kaalamu ka carbon monoxide ka batire pafupi ndi pogona. N'kotchipa kuposa thanki imodzi ya galimoto yanu.

Ndipo mukafika, fufuzani mthunzi musanafufuze malo okongola. Kalavani yoima pansi pa mtengo wa mango, mazenera a kudzuwa atatchingidwa, aircon imapuma pafupipafupi ndipo petulo amakhalitsa. Yoima pa mchenga poyera denga limatentha ngati chiwaya, makina a BTU 7,500 amalimbana nalo tsiku lonse osapambana.

Kwa inu, ndi aircon ya kukula kumeneko, 2 kVA ya kusitolo ija ndingaisiye pokhapokha ikhale ya inverter, nambala yake yokhazikika ifike 1,800, ndipo soft starter ikhalepo. Jambulani kalebulo ka pa aircon ndi ka pa jeneretayo muike pansi apa, tione ma amp ndi LRA, ndikuwerengerani bwinobwino musanalipire.